Kabokosi ka Kachiwala

9 Malichi

Okondedwa amake Kachiwala,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, mwana ndi amayi anu. Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda, kungoti m'mawa kwayamba kuzizira.

Ndalama ndapatsira wa basi yemwe uja. Mugule malata a pakhonde aja khoma lisanagumukiretu, yotsalayo ikhale ya sopo ndi nsapato za mwana. Kalipentala musamupatse zonse poyamba. Mukumudziwa, akangolandira ndalama mwendo wake umayamba kutupa.

Tsopano nkhani imene yandisowetsa mtendere. Lamlungu lija mutamupatsa mwana foni kuti andipatse moni, ndinamva zonse. Ndinamva atakuwa, ndinamva timapazi take tikuthawa, kenaka ndinamumva chapatali akuti, "Ababa, ndinyamuleni." Ine kupusa kwanga ndinayankha, ndili pakati pa msewu, kuti ndili pano mwanawe. Inu munaseka kaseko kamanyazi n'kunena kuti amatero ndi malume ake. Mlamu wanga sindikumukwiyira, amatithandiza. Mwananso alibe mlandu. Ndinachoka ali m'manja asanamere ndi dzino lomwe, ndiye andidziwira kuti? Pafoni mawu anga amafika oduka-duka ngati a munthu ali m'chitsime, mwana aliyense angathawe. Koma zinandipweteka, ndisaname. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Ndaganiza chochita. Foni yanu mumapita nayo kumsika, ndipo chiigwetsereni m'ndowa muja simumulolanso kuigwira yekha. Ndimupangira kabokosi kakekake, ka batani limodzi lalikulu. Akadina, muzituluka mawu anga, nthawi iliyonse imene wafuna, popanda netiweki kapena mayunitsi. Tsiku ndi tsiku ndimakhala m'kachipinda ka kuseri kwa shopu kukonza mawailesi ndi masipika, kuti mawu a anthu osawadziwa azimveka bwino m'nyumba za eni. Ndingalephere anga omwe?

Sipika ndachotsa m'wailesi yakufa. Ndapezanso kabodi kokhala ndi chipi choganiza, ife timangoti kaubongo. Abwana anga, amene timawatcha a Mawa chifukwa chilichonse ukawapempha amati mawa, andilola kugwiritsa ntchito chowotcherera cha shopu tikaweruka. Mwanayo musamuuze kaye.

Mundiperekere moni kwa amayi.

Ndine wanu,
Bambo a Kachiwala

2 Epulo

Amake Kachiwala,

Kalata yanu ndalandira, ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino komanso kuti khonde lafoleredwa. Ine ndili bwino. Pali kachifuwa pang'ono, ka fumbi chabe, aliyense kuno ali nako.

Mwandifunsa kuti ndidzanena chiyani m'kabokosimo. Ndapeka kanyimbo kanga, kafupi: "Kachiwala kanga, dumpha dumpha, ukagwa ndikuwakha." Musaseke. Ndikudziwa kuti kuyimba kwanga kunakuthawitsani kwaya, koma mwanayo sakudziwa zimenezo.

Ndinajambula, ndinaika pa kakhadi ka memore, ndinalumikiza sipika mwachindunji ku kaubongo. Nditadina batani, mnzanga wogona naye chipinda, wopenta nyumba uja, anagwa pabedi ndi phwete. Akuti, "Aise, njuchi yalowa m'chitini, itulutse." Ananenadi zoona. Mwana akanamva zimenezo akanathawira kwa malume ake osabwerako.

Ndikulongosolereni vuto lake, popeza munati ndisamakubisireni za ntchito ngati kuti simungamve. Kaubongo kamasunga mawu ngati manambala. Sipika sadziwa manambala, amadziwa magetsi okwera ndi kutsika. Pakati pawo pamafunika womasulira, chipi china chimene timachitcha daki. Kaubongo kanga kali nayo yakeyake m'kati, koma ndi yaulesi. Mawu a munthu amakwera ndi kutsika mosalala, pamene daki imawadula kukhala masitepe. Ya mabiti eyiti, ngati ya m'kati mwangayo, masitepe ake ndi akuluakulu, mawu amachita kudumpha, ndiye njuchi ija. Ya mabiti twelofu masitepe ndi ang'onoang'ono. Ya sikisitini ndi osaoneka n'komwe, khutu limangomva kutsetsereka.

Loweruka ndinapita ku kashopu ka zipangizo, kumtunda kwa masitepe enieni, amene masiku ano akundichititsa kupumira panjira ngati nkhalamba. Kumagulitsa mayi wina amene tonse timamutcha a Magalasi. Ameneyo chipi amachidziwa poona miyendo yokha. Anaika ziwiri pa kauntala. China chaching'ono ngati njere ya mpunga, miyendo sikisi, mabiti twelofu, mtengo wake wa buledi mmodzi. China cha mabiti sikisitini, chopangidwira mawu enieni, chili kale ndi kaampu kake kokweza mawu, koma mtengo wake ndi wa basi sabata yathunthu ndipo chimadya batire.

Anandifunsa kuti, "Mukufuna muyendetse chiyani, achimwene? Ngati ndi kukweza ndi kutsitsa magetsi, tengani chaching'onochi. Ngati ndi mawu a munthu, musadzivute."

Ndinati ndikaganize. A Mawa malipiro a mwezi watha akuti mawa.

Mbuzi ija musagulitse ayi, ngakhale mlamu atanena. Mwezi uno nditumiza mochepa, mupirire nane.

Ndine wanu,
Bambo a Kachiwala

27 Epulo

Amake mwana,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti amayi bondo lawavutanso, muwagulire mankhwala opaka aja, osati a mnyamata woyenda ndi chikwama. Ine ndikudzuka.

Ndinagula chotchipa chija. Ndikudziwa zimene munene, munazinena kale pa nsapato zija zinang'ambika tsiku la ukwati wa mng'ono wanu, kuti zotchipa zimadula. Ndinaganiza kuti mabiti twelofu ndi ambiri ndithu, a Magalasi akungofuna kugulitsa. Ndinaiwala kufunsa za liwiro. Masitepe kukhala ang'onoang'ono si zokwanira, womasulira ayeneranso kuthamanga mofanana ndi pakamwa pa wolankhula. Kachipi aka kamalandira manambala pa mawaya awiri okha, limodzilimodzi, ngati anthu olowa pa chitseko chopapatiza. Kuti kakwanitse, ndinachita kuchepetsa manambalawo, ndipo zimene zinatayika ndi nsonga za mawu.

Njuchi yachoka, zoona. Koma amene akuyimba m'menemo ndi bambo wina aliyense atafunda bulangete kumutu. Mawu akumveka, nyimbo ikumveka, mwini wake ndiye palibe. Wopenta anati akufanana ndi wolengeza pa depoti ya basi. A Mawa anamvetsera n'kunena kuti, "Zili bwino izi, mwana wa zaka zitatu adziwa chiyani? Tseka bokosi utumize."

Inunso mwalemba chimodzimodzi, kuti nditumize chilichonse, bola mawu. Amake mwana, mundimvetse. Mawu a bambo wina aliyense mwanayo ali nawo kale, amawamva pa wailesi, amawamva kwa malume ake. Ine ndikufuna kuti tsiku limene ndidzaime pa geti n'kuitana, adzatembenuke asanandione nkhope. Ndikamawotcherera timiyendo timeneti, utsi uli m'maso, ndimaona zimenezo basi. Ndimaona geti yathu ija yolira, inu mukuanika zovala, iye akuleka kusewera n'kutchera khutu. Ndakusowani kwambiri, nonse awiri.

Mwapempha chithunzi. Foni yanga kamera inasweka, ndidzatumiza ndikakonza. Lamba uja munandigulira akugwirabe ntchito, ndangoboola kabowo kena.

Ndayamba kuyenda pansi popita ku ntchito kuti ya basi ndisunge. Ndi patali pang'ono, koma ndimanyamuka m'mawa, ndimapumula pa mlatho.

Wanu,
Bambo a Kachiwala

25 Meyi

Okondedwa amake Kachiwala,

Ndikhulupirira muli bwino. Nkhani ya dzino la mwana lomwe linathyoka yandidetsa nkhawa, koma poti mwati akudya, ndathokoza. Kuno kukuzizira zedi. Kachipinda kathu kogwirira ntchito kalibe zenera, ndiye timasankha pakati pa kutsegula chitseko n'kuzizidwa kapena kutseka n'kumeza utsi. A Mawa akuti agula fani mawa.

Daki yabwino ija ndagula. A Magalasi sanandiseke, anangoti, "Mwabwera," n'kuitulutsa m'kabati ngati anaisunga dala. Iyi imafuna mawaya atatu, wina wa manambala, wina wowerengera nthawi, wina wosiyanitsa mbali. Miyendo yake ndi yowirikizana ngati mano a chipeso, koma ndinaiwotcherera osalakwitsa.

Ndinadina batani. Anali ine. Si wa pa depoti, si njuchi, ine weniweni, ndi kakulephera kwanga kutchula bwino "dumpha" kamene mumandinena nako. Wopenta anasiya kutsuka mabulashi n'kuyang'ana pakamwa panga kuti aone ngati ndikulankhula.

Koma walira mvula walira matope. Daki imeneyi sisankha, imatenga zonse zimene yapatsidwa. Pansi pa mawu pakumveka kamluzu kenakake, makamaka ndikamakoka mpweya. Ndipo pakati pa "ukagwa" ndi "ndikuwakha" pali kampata ndi kakutsokomola kamodzi, zimene sindinaziikepo ine. Ndajambula mobwerezabwereza, nditamwa madzi ofunda, nditaima, nditakhala, kampatako sikakuchoka. Mzere ndi waufupi koma mpweya ukuthera pomwepo.

Ndinapita nako kwa a Magalasi kuti mwina ndi waya wa sipika, kapena batire ikulowetsa phokoso. Anavala zomvera m'makutu, anadina kawiri, kenaka anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mawaya anu ali bwino, achimwene. Chipinso chilibe vuto."

"Nanga mluzuwo ukuchokera kuti?"

"Mukufunsa ine? Ine ndimagulitsa zipangizo. Kumene amaona zimenezo ndi kuseri kwa msika, amatsegula m'mawa."

Azimayi nonse ndinu amodzi, mumafuna kulamulira munthu. Kumene akunenako amafunsa mapepala pakhomo, ndipo nkhani ya mapepala anga mukuidziwa. Tisaitalikitse, si nkhani yolemba m'kalata.

Ndiye kabokosi kachedwa pang'ono. Madaki onse awiri ali pa tebulo langa, ndikuwayang'ana. Yotchipa ija mluzu siimveketsa n'komwe, bulangete lake limaphimba zonse. Mwina a Mawa ananena zoona.

Mwezi uno sinditumiza kanthu, mukongole kaye kwa mlamu, ndidzabweza. Lamlungu ndikapanda kuyimba foni musadabwe, mawu anga asasa ndi kuzizira.

Ndine wanu,
Bambo a Kachiwala

19 Julayi

Amake Kachiwala,

Pepani chifukwa cha chete wanga. Makalata anu awiri ndinalandira, ndi uthenga womwe munatuma wa basi. Sindinakwatire kuno, chotsani zimenezo m'mutu, ndani angandifune. Ndinagonako pang'ono, wopenta ndiye amandisamala. Tsopano ndadzuka. Zolemba zanga zikaoneka zokhotakhota, ndi bolopeni.

Kabokosi ndi aka, wa basi akupatsani pamodzi ndi kalatayi. Wopenta wakapaka utoto wobiriwira, akuti chiwala chimakhala chotero. Batani ndi lofiiralo. Kuseri kuli kabowo kotchajira, chingwe cha foni yanu chikwana. Muzikatchaja madzulo aliwonse chifukwa kamadya moto. Musakasiye padzuwa, ndipo ndowa ikhale kutali.

Ndikuuzeni za daki imene ili m'katimo. Ndinali nditachotsa yabwino ija n'kubwezera yotchipa, bokosi nditatseka ndi zomangira zonse. Masiku amene ndinali chigonere ndinkakadina kali pamtsamiro. Ndinamvetsera bambo wa m'bulangete uja akuyimbira mwana wanga, wosalala, wopanda chilema, ndipo ndinayamba kumuda. Ndinaganiza kuti zinthu zikapanda kuyenda bwino, chimene mwanayu adzatsale nacho ndi chimenechi, mawu a munthu amene sanakhaleko. Adzakula akuganiza kuti bambo ake anali wolengeza mabasi.

Nditangotha kukhala tsonga ndinatuma wopenta kukabwereka chowotcherera. Ndabwezeramo yabwino. Amve ine mmene ndilili.

Inu muli ndi khutu lakuthwa, ndikudziwa. Munkadziwa kuti ndakhumudwa pongomva mmene ndatsekera geti. Mukamva kanthu m'menemo musathamangire kulira pamaso pa mwana. Mumupatse adine yekha, inu muime patali, ndipo mudzandilembere zonse, nkhope yake, zimene wanena, ngakhale atathawa. Musandinamize pofuna kundisangalatsa.

Mbuzi ija ngati zavuta gulitsani.

Wanu nthawi zonse,
Bambo a Kachiwala

23 Ogasiti

Mkazi wanga,

Kalata yanu yafika Lachinayi. Moni sindiyamba ndi bodza ulendo uno. Sindili bwino kwenikweni, koma ndili bwino kuposa mwezi watha, ndipo ndikuuzani zonse.

Mwandikalipira masamba awiri athunthu, ndipo palibe mzere umene ndingatsutse. Mwati munangomva kukoka mpweya koyamba n'kukhala pansi pakhonde. Mwati ndinakuyesani mwana, ndi nkhani zanga za fumbi, kamera ndi bolopeni. Mwati ndinatha miyezi kusankha kachitsulo koti kanene zoona pamene pakamwa ndili napo. Pamenepo ndinaseka, kenaka ndinalira, wopenta anatuluka panja kuti andipatse mpata.

Koma tsamba lachitatu ndi limene landimaliza. Ndaliwerenga kambirimbiri. Mwati poyamba anakaponya pansi n'kubisala kuseri kwa chitseko, kenaka anabwera chokwawa n'kudinanso. Mwati tsopano amagona nako, amakadyetsa, ndipo malume ake atafuna kukagwira anawamenya dzanja n'kunena kuti, "Siyani, ndi ababa anga." Amake mwana, mawu amenewo ndawadikira zaka zitatu.

Ndiye mwati nyimbo waiphunzira, amaimba akudumpha pabwalo. Amati "ukagwa," n'kuima, n'kukoka mpweya ndi kamluzu, n'kutsokomola kamodzi, kenaka "ndikuwakha." Nthawi zonse, malo omwewo. Amayi anu atamuuza kuti asiye kutsokomolako anakana, akuti nyimbo ya ababa imatero.

Nditawerenga pamenepo sindinadikire kuti kuche kawiri. Lachisanu m'mawa ndinapita ku chipatala cha kuseri kwa msika kuja. A Magalasi anatseka kashopu kawo n'kundiperekeza, akuti amuna mukapita nokha mumabwerera pa geti. Za mapepala anafunsadi, koma namwino anangolemba dzina n'kundilowetsa, mantha onse aja ndinadzipangira ndekha. Anandiyeza makhololo, anandijambula pachifuwa. Ndi chifuwa chachikulu, ndipo utsi wa kuntchito unangowonjezera moto. Akuti chimachizika, bola kumwa mankhwala tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Ndayamba kale. Wopenta nayenso amuyeza, ali bwino, Mulungu ngwabwino.

Akuti ndikamwa milungu ingapo sindingapatsirenso munthu, ndipo andilembera kalata yoti ndikapitirize ku chipatala cha kwathuko. Mwalemba kuti ndibwere ngakhale chimanjamanja, kuti khoma lija lidikira koma inu simudikiranso. Ndamva. A Mawa ndawauza kuti ndikupita kumapeto kwa mwezi wamawa. Anati tikambirane mawa, ine ndinati ayi bwana, lero. Chowotcherera changachanga ndagula chakale, ndi timazipangizo pang'ono. Mawailesi amafa kulikonse, ndizikonzera pakhonde pathu pamene mphepo imadutsa.

Mundikonzere kachipinda kakang'ono kaja poyamba, zenera lizikhala lotsegula, mpaka adokotala a kumeneko atanena. Musadzadzidzimuke mukadzandiona, lamba uja ndinaboolanso kawiri. Mudzandinenepetsa ndinu.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Mwanayo musamukonze nyimbo, musiyeni aziimba mmene akuidziwira. Ndipo tsiku lofika musadzamuuze kuti ndikubwera. Ndidzatsika basi, ndidzayenda pang'onopang'ono mpaka pa geti, ndidzaima kunja n'kuyamba kuyimba. Mankhwalawa akugwira ntchito msanga, dzulo ndinayesa ndipo mzere wonse unatuluka ndi mpweya umodzi, wopanda mluzu. Ndinakondwa, kenaka ndinachita mantha kuti mwina sadzandizindikira.

Ndiye mukadzamva ndaima pa "ukagwa" n'kutsokomola, mtima usadzakudumpheni. Kameneko kadzakhala kadala, kuti atembenuke.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Kachiwala